Buzina ya Venâncio

Joni, 5 Mayu 2024

Okondedwa amake Nilza,

Ndayamba ndi moni. Ine kuno ndikudzuka bwino, kaya inu ndi ana, kaya amayi ndi mwendo wawo uja. Nilza ndi Chakondwa muwauze kuti bambo awo akadali ndi mano onse, Joni sanawagulule.

Kalatayi ndapatsira Celso wa lole pamodzi ndi katundu. Musadabwe kuti ndalemba pomwe foni ilipo. Foni yanu imagwira pachulu chokha chija cha kuseri kwa khola, ndipo mukakwera pamenepo mudzi wonse umamva nkhani zathu, mpaka a Luciana amayankha nawo ali pamtondo. Nkhani iyi ndi ya ife awiri. M'chikwama cha mizeremizere muli bulangete lanu, mafuta ophikira ndi nsapato za ana. Za Chakondwa ndagula zazikulu dala, akulira momwemo. Nyemba musagulitse tsopano. Anyamata a ku Kalomwe akabwera ndi masikelo awo onama aja muwauze kuti eni ake kulibe.

Tsono nkhani ndi iyi. Mukudziwa kuti malemu Venâncio, mwana wa a Felismina, anali ndi galimoto kuno imene ankanyamulira anthu. Chimwalirireni iye mu Julyu chaka chatha yangokhala m'galaji ku Rosettenville, kumene ankachita lendi. Msuweni wake Estêvão ndiye akuisunga, ndipo akufuna kuigulitsa kuti ndalama zipite kwa a Felismina. Mtengo umene wanditchulira ndi wa pachibale. Ndikaphatikiza zimene ndasunga ndi za chipereganyu chathu cha mu Agositu, ndikhoza kufikapo.

Galimotoyo ndi ya mtundu umene kuno amati hayibridi. Ili ndi mitima iwiri, wina wa gazolina, wina wa magetsi. Ikamayenda pang'onopang'ono imadya magetsi, ikafuna mphamvu injini imadzuka yokha, ndipo bateriya imadzidzaza yokha poyenda, sifuna kulumikiza kukhoma. Choncho musandifunse kuti magetsi tikawapeza kuti ku Lifidzi. Gazolina imangonyambita, ndiye mukudziwa mmene gazolina wavutira ku Ulongwe.

Amake Nilza, ndatopa. Ndatopa kuyendetsa anyezi ndi kabichi za eni ake kumsika wa kuno, kudzuka nkhuku zisanalire, kuthawa apolisi ngati ndaba. Karta yoyendetsera ndili nayo. Ndikaigula ndibwera nayo kwathu, ndizinyamula anthu pakati pa Ulongwe ndi Kalomwe, madzulo ndizigona m'nyumba mwanga. Chakondwa anayamba kuyankhula ine kulibe, sindifuna kuti ayambenso kumera ndevu ine kulibe.

Nditaiona dzulo ndinagwidwa ndi chisoni. Ndinakumbuka masiku amene Venâncio ankayendetsa chapa, minibasi ija ya anthu, kwathuko. Akafika pamlatho wa Lifidzi ankaliza buzina kawiri mwachidule, kachitatu n'kukokera, a Felismina n'kuteleka madzi osamba. Kuno sanasiye. Pageti ankachita chimodzimodzi, mpaka mayi mwini nyumba, a Ma Sibiya, anatopa kumukalipira.

Ganizirani bwino, mundiyankhe pa ulendo wobwerera wa Celso. A Felismina musawauze kaye.

Ndine wanu,
bambo a Nilza, Adérito


Joni, 26 Mayu 2024

Amake Nilza,

Moni wanu ndalandira, ufa wa mgaiwa ndi nyemba zija ndalandiranso. Ndakondwa kumva kuti chimanga mwayamba kututa ndipo ngolo ya a Damião ilipo. Ine ndili bwino. Kwayamba kuzizira.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Munthu akanaiona akanati yalembedwa ndi wa alufandega, wokhometsa msonkho pamalire, mafunso okhaokha. Mwati misewu yathu. Pamenepo mwanena zoona, galimotoyi mimba yake ili pafupi ndi pansi, nthawi ya mvula njira ya ku Fonte Boa singayerekeze. Koma ine ndidzatsata phula. Mwati ikawonongeka adzakonza ndani ku Ulongwe. Ndinapita nayo kwa makaniko wina wa ku Zimbabwe, anailumikiza ku kakompyuta kake, akuti bateriya ikadali ndi moyo wa zaka zingapo, koma ikadzafa yatsopano ndi mtengo wa ng'ombe ziwiri ndi ngolo yomwe. Mwatinso katundu wa wakufa satenga mothamanga. Koma Venâncio ndinkadya naye mbale imodzi.

Estêvão wandipatsa kiyi kuti ndiyese kaye kufikira Agositu. Tsiku loyamba ndinadina batani, zii. Ndinadinanso, zii. Ndinati basi yafa, n'kuchotsa phazi pabuleki kuti nditsike, ndinangoona khoma likuyenda. Inali italira kale osandiuza. Mumsewu galu anagona pakati osadzuka mpaka nditamufika pamchira. Mayi wina anatembenuka n'kundipeza ndili kumbuyo kwake, anagwira pamtima. Ndinaseka, koma pansi pa mtima sindinakonde. Chinthu chachikulu chotere chiyenera kumveka chikamabwera.

M'katimo zonse zili monga anazisiyira. Kolona wake akadali pakalilole, chipewa chake chili pambali pa giya. Kumpando wakumbuyo ndinapeza bulangete ndi pilo. Ndinafunsa Estêvão, akuti oyendetsa onse amapumira momwemo masana.

Ndasamuka ku Jeppe kumene ndinkakhala kuja. Mwini chipinda chija anakwezanso lendi, anthu asanu m'kachipinda ngati mbewa. A Ma Sibiya avomera kuti ndizigona m'galaji momwemo, ndizilonderako galimoto, ndizingolipira madzi. Ndayala katoni ndi matiresi pambali pake. Zimene ndikupulumutsa pa lendi ndi zimene mugulire adubu, feteleza wa kudimba, musadikire kuti akwere mtengo.

Estêvão amandiseketsa. Akabwera amaima pageti, manja m'thumba, kundiitanira panja. Akuti fumbi la m'galaji limamuyambitsa chifuwa. Munthu woti amagwira ntchito yosenza simenti.

Nilza alimbikire ku shikola. Ndamva za masamu akewo.

Wanu,
Adérito


Joni, 16 Junyu 2024

Amake Nilza,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndiliko, kungoti mutu. Si nkhani yaikulu.

Ife a ku Angónia timanyada kuti chisanu timachidziwa, koma cha chaka chino kuno chandichititsa manyazi. Simenti ya m'galaji imalowa m'mafupa, matiresi ngati wayala pamwala wa kumtsinje. Ndiye ndapeza nzeru. Ndimagona m'galimoto, kumpando wakumbuyo. Ndimatseka chitseko cha galaji, ndimadina batani, kanyali kobiriwira kamayaka, n'kutsegula hita. Galimoto ili chete, ikudya magetsi ake, ine ndikufundidwa ngati mwana kumsana. Mukanandiona mukanati bwana.

Pali kanthu kamodzi kokha. Ndili m'tulo, injini imadzuka yokha. Imanjenjemera, kulira kanthawi, kenaka n'kukhala chete. Tsiku loyamba ndinadzambatuka ndikuyesa kuti wina wakhala kutsogolo ndipo akufuna kunyamuka nane. Ndinayatsa foni, panalibe munthu, kolona yekha akugwedera pakalilole. Ndinafunsa makaniko uja, akuti ndi khalidwe lake, ikamva njala ya magetsi imadzidyetsa yokha. Sindinamuuze kuti ndimagonamo, angandiseke. Tsopano ndazolowera, ikadzuka ndimangoti wadzuka mnzanga, n'kutembenuka.

Mutuwo umandigwira m'mawa, umamanga pachipumi ngati ndasenza mtolo wa nkhuni usiku wonse. Ndikafika kumsika, dzuwa likatuluka, umasiya. Anzanga akuti ndi chimfine cha nyengo ino. Ndagula mapiritsi.

Ndikulotanso kwambiri, ine amene mumanena kuti ndimagona ngati chipika. Loto lake ndi limodzimodzi. Ndili kumbuyo, Venâncio akuyendetsa, tikupita kwathu. Tawoloka Zambezi, tadutsa Moatize, takwera mapiri, ndikuona minda ya mbatatesi ndi utsi wa m'midzi. Tikangoti tiyandikire mlatho wathu, msewu umasanduka wa kuno, magetsi ndi mipanda. Iye satembenuka. Amangondiyang'ana pakalilole n'kufunsa kuti, "Achimwene, njira ndi iti?" Ine pakamwa pamalemera, sinditha kuyankha. Musauze munthu zimenezi, makamaka amayi, angayambe kuyenda nazo.

Za kugula sindinatsimikize. Masana ndikaiyendetsa, singano ya gazolina osasuntha, mtima umati gula. M'mawa ndikadzuka ndi mutu uja, mtima umati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chimanga chikauma muthire mankhwala musanasoke matumba. Nkhumba yaikazi ija musagulitse, ngakhale a Damião anyengerere bwanji.

Ndine,
Adérito


Joni, 30 Junyu 2024

Amake Nilza,

Moni. Pepani zilembo zapendama, dzanja likuchita ulesi masiku ano.

Mwalemba kuti mutu wa m'mawa wosiya masana mukuudziwa, ndi umene unagwira achemwali anu chaka chija anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Amake Nilza, kuno kulibe makala. Iyi ndi galimoto ya magetsi. Injini ikadzuka ndi kanthawi kochepa, fungo silimveka n'komwe. Musade nkhawa ndi zimenezo.

Nkhawa ili pena. Lachitatu ndinasanza pampopi, a Ma Sibiya anandiona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kumene ndimagona kwenikweni. Nditawauza anakhala pansi pa sitepe. Akuti Venâncio sanafere m'chipinda monga anatiuzira Estêvão. Chipinda anali atabweza kuti asunge ndalama, ankagona m'galimoto. Anamupeza kumpando wakumbuyo, atafunda bulangete lija, nkhope yosalala ngati akulota zabwino. Apolisi anatenga thupi, koma chimene chinamupha palibe anapita kukafunsa.

Mayiwa ndi Mzulu. Akuti ife a ku Mozambique tinachita zinthu mwatheka. Tinatenga thupi, munthu tinamusiya. Kwawo munthu akafera kutali amabwera ndi kanthambi ka mtengo pamalo pamene wafera, amamuitana ndi dzina, amamuuza kuti tiye kwanu, ndipo njira yonse amamuuza mitsinje ndi malire mpaka pakhomo. Ndinakumbuka kuti malume ankayankhula ndi bokosi pamene tinkachokera nalo ku Tete pa maliro a bambo, ine ndinkayesa kuti ndi chisoni chabe. Venâncio bokosi lake linakwera lole ya Celso pakati pa mafiriji ndi njinga. Palibe anamuuza kanthu.

Mayiwa akuti ndituluke m'galimotomo. Ndipite kuti? Ku Jeppe malo anga analowa wina. Komanso Venâncio sangandichite choipa, tinakulira limodzi kubusa. Usiku wathawu m'loto anatembenuka koyamba. Sanakwiye. Amaoneka wotopa basi.

Dzulo ndinaiwala njira ya kumsika, njira yoti ndimayenda tsiku lililonse. Ndinaima pamaloboti osadziwa kuti ndikhotere kuti.

Akuti sabata ino kubwera chisanu choposa. Mphepo imalowera pansi pa chitseko cha galaji, ndiye ndatsekapo ndi makatoni ndi nsanza, pakawindo ndamatapo pulasitiki. Tsopano muli bwino, simulowa kamphepo ngakhale pang'ono.

Mukapereke dzina la Venâncio kwa apadiri, amuchitire misa. Ana muwapsompsone.

Adérito


Joni, 21 Julyu 2024

Mkazi wanga,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewo chifukwa ndikudziwa kuti pafoni paja simunakhulupirire, mawu anga anali ngati a munthu wina. Ndatuluka m'chipatala, ndikugona pabalaza pa a Ma Sibiya. Miyendo ikadali yofooka ndipo ndimaiwalaiwala, koma akuti zibwerera. Inu muli bwanji? Ndamva kuti munakhala pachulu paja masiku awiri mukuimba foni yosayankhidwa. Ndikhululukireni.

Munanena zoona, ndipo ndikulemba ndi dzanja langa kuti mudzandionetse ndikadzayambanso makani. Inali mbaula. Namwino anandifotokozera kuti utsi wa injini uli ndi mpweya womwewo wa makala, suoneka, sununkha, umangokugoneka. Kukazizira kwambiri injini imadzuka pafupipafupi kuti hita itenthe. Masiku onse aja ndinkapulumukira kamphepo ka pansi pa chitseko, komwe ndinatseka ndi manja angawa. Pamsewu, pabwalo, galimotoyo ilibe mlandu. Mlandu ndi kuitsekera m'nyumba ili yoyaka, iwe n'kumayesa kuti yagona chifukwa ili chete. Ndi zimene zinapha Venâncio. Sanalodzedwe monga ankanong'onezana pamaliro paja, a Luciana ndi anzawo. Anangofuna kufundidwa.

Zimenezo ndazimvetsa. Zimene sindinamvetse ndi izi, ndipo ndikulemba monga andiuzira a Ma Sibiya, chifukwa ine sindikumbuka kanthu.

Kunali mbandakucha wa Lachisanu. Akuti anadzidzimuka ndi buzina, kawiri mwachidule, kachitatu kokokera. Anadzuka ndi mkwiyo wakale, anavala jasi, natuluka akukalipa kuti mnyamata iwe ndinakuuza kangati kuti anthu akugona. Ali pakati pa bwalo ndi pamene anakumbuka kuti amene ankamukalipirayo anaikidwa chaka chatha. Kenaka anamva injini ikulira m'galaji. Anagogoda, anandiitana, zii. Chitseko ndinali nditakhoma m'kati. Anadzutsa anthu oyandikana nawo, anathyola ndi chitsulo.

Anandipeza kumpando wakumbuyo, bulangete mpaka kumutu, manja ndaika pakati pa miyendo monga ndimagonera kukazizira. Kutsogolo kunalibe munthu. Kuchokera pamene ndinagona kufika pachiwongolero, ngakhale ndi phazi sindikanafika.

Ndinafunsa ngati winanso anamva. Bambo wa nyumba yoyandikana akuti anamva, anayesa kuti ndi takisi. Ndinatuma Estêvão kwa makaniko kukafunsa ngati buzina ingalire yokha. Akuti alamu ikhoza, koma imalira mosalekeza mpaka uizimitse, siisankha kaliridwe.

Estêvão anabwera kuchipatala. Ndinali nditakonza mawu oti ndimulase nawo, koma anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kulira ngati mwana, anthu akutiyang'ana. Akuti ankaopa kupita kupolisi kukafunsa chifukwa mapepala ake anatha, ndipo anabisa za m'galimoto poopa kuti palibe angaigule, a Felismina n'kutsala opanda kanthu. Iye ankayesa kuti ndi mzimu, n'chifukwa chake ankaima pageti. Ndinamuuza kuti, "Ukanandiuza, ndikanasankha ndekha." Sindinamukhululukire kwenikweni, koma sindinamuthamangitse.

Ntchito andisungira. Mwezi uno ndituma zochepa, mupirire.

Ndine wanu ndithu,
Adérito


Joni, 11 Agositu 2024

Amake Nilza,

Moni kwa inu ndi ana ndi amayi. Ine mphamvu zikubwerera, ndayamba ntchito, mutu unasiyiratu. Ndapeza kachipinda kwa mnyamata wina wa ku Tsangano, kali ndi windo losatsekeka bwino, ndipo sindikulikonza.

Kalata yanu ndi yaifupi koma yandisowetsa tulo. Mwayamba ndi kuti ndiisiye galimotoyo, ndibwere ndi basi ngakhale chimanjamanja, mwamuna wamoyo aposa galimoto. Ndamva. Koma kumapeto mwalemba zija za a Felismina, ndipo sindikudziwa ngati munaona kuti mbali ziwirizi zikukokana.

Mwati Lachisanu lomwe lija, popita kudimba kusanache, munawapeza atakoleza moto panja, ndowa ya madzi ili pamafuwa. Mwati munawafunsa kuti madzi a yani m'mawa chonchi, iwo anati amva mwana wawo pamlatho. Anadikira mpaka dzuwa linakwera, madzi anaphwa, anathiramo ena. Inu nthawi imeneyo munali musanamve kanthu za ine. Ndawerenga pamenepo kambirimbiri. Ndinawawerengera a Ma Sibiya ndikumasulira, iwo sanadabwe n'komwe, anangoti nanga umayesa Venâncio akufuna chiyani.

Ine ndine mkhristu, mukudziwa. Sindikunena kuti ndikudziwa chimene chinaliza buzina. Koma ndikudziwa kuti ndikanabwera kwanu pakati pa mafiriji a Celso.

Kwabwera munthu wina wofuna kuigula, ali ndi magalimoto ambiri a hayala ku Durban. Wapereka mtengo woposa wanga. Estêvão akuti asankhe ndine, ndikaikana Lolemba la mawa lino ipita. Kunena za nzeru, yankho ndi losavuta. Bateriya idzafa tsiku lina, makaniko wake ali kutali, alufandega adzandimeta, ndipo inu simukuifuna. Ndikaisiya palibe anganditche wopusa.

Koma dzulo masana ndinapita kukaiona. Tinaikankhira pabwalo, zitseko zonse pululu. Ndinakhala kutsogolo, kumpando wa wokwera, osayatsa kanthu. Ndinaganiza za Venâncio akuzungulira mu Durban ndi anthu osadziwa chiyankhulo chake, akufunsa pakalilole kuti njira ndi iti. Ndinalira, amake Nilza, sindikubisirani. Ndinamuuza kuti zikomo. Ndinadzimva wopusa poyankhula ndi mpando, koma nditatsika pamtima panapepuka.

Ndapempha Estêvão kuti auze wa ku Durban adikire mpaka Celso abwerenso. Sindigula musanavomere. Nthawi ija munanena ine n'kukana, taonani kumene ndinakathera. Pitani kwa a Felismina, muwauze zonse, za utsi ndi za buzina, musasiyeko. Mumve chimene anene, kenaka mundiuze mtima wanu.

Ngati mbatatesi zakhwima kumbani, koma mugulitsire ku Ulongwe, osati pamsewu.

Wanu,
Adérito


Joni, 8 Setembru 2024

Okondedwa amake Nilza,

Moni womaliza wa papepala. Ine ndili bwino kwambiri, ndikhulupirira inunso. Kalatayi ibwera ndi basi, itsogole ine.

Ndagula. Mapepala asinthidwa, dzina ndi langa. Ndalama zapita kwa a Felismina kudzera kwa Estêvão, ine ndikuona.

Malamulo anu ndawalandira onse ndipo sindikutsutsa ngakhale limodzi. Galimotoyo sidzagona m'nyumba ya zitseko. Uzani a Damião aimike chisakasa kumbali kwa nkhokwe, mitengo inayi ndi denga la udzu, makoma ayi. Munthu sadzagonamo, ine kapena mwana, ngakhale kugwe chisanu chotani. Kiyi azigona kwa inu. Ndawonjezapo langa: Chakondwa ndi anzake asiye kusewera panjira ya kukhola, chifukwa iyi siimveka ikamabwera, ndipo nkhuku zanu zidzaphunzira mochedwa.

Mawu a a Felismina amene mwalemba ndawasunga. Akuti ndalama adzalandira, koma chimene akudikira si ndalama.

Tinyamuka Lachinayi pa 19, ndizitsatira lole ya Celso kuti pamalire tithandizane. A Ma Sibiya andithyolera kanthambi ku mtengo umene amaudziwa iwo. M'mawa wa ulendo tidzalowa m'galaji, ine ndi iwo ndi Estêvão, amene walonjeza kuti ulendo uno sadzaima pageti. Ndidzamuitana Venâncio ndi dzina lake ndi la bambo ake, ndidzaika kanthambiko pampando wakutsogolo pamodzi ndi chipewa chake. Pampando umenewo sipakhala munthu njira yonse. Celso amafuna kundikwezera wokwera wolipira mpaka ku Tete, ndakana. Ndidzamuuza Limpopo, ndidzamuuza Harare, Kuchamano, Zambezi, Moatize, mpaka mapiri athu. Ulendo uno woyendetsa ndine, ndipo njira ndikuidziwa. Apadiri mwati avomera kudzadalitsa galimoto Lamulungu lake, zili bwino, zonsezo zichitike.

Tikayenda bwino pa alufandega tifika Loweruka dzuwa likupendeka. Ndikudziwa kuti mudzafuna kuthamanga, inenso mtima uli komweko. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Sindidzayamba kwathu. Ndidzapitirira mpaka pakhomo pa a Felismina, ndipo chitseko chakutsogolo adzatsegule iwo. Inu ndi ana mudzaime nawo pamenepo. Muwathandize kutunga madzi tsikulo, nkhuninso muwapatseko zathu.

Simudzaimva ikutsika chitunda, choncho mudzatchere khutu kumlatho. Ine ndidzaliza kawiri, mwachidule, kenaka ndidzachotsa dzanja pachiwongolero. Mukadzamva kachitatu musadzaope, ndipo ana muwauziretu. Mudzangowauza a Felismina kuti ateleke madzi.

Ndine mwamuna wanu, wobwera,
Adérito